Ukafika pa Tala, Apongozi Atsike

Kuno kwa Mburuma,
Lachisanu, sabata yomaliza ya Ogasiti.

Rozaliya mwana wanga,

Lero m'mawa pokonza motoka ya ulendo wako wa mawa tinalipo atatu: ine, a Zuze owotcherera zitsulo aja a ku Feira, ndi amayi ako, amene ankangobwera ndi kubwerera kudzatiuza kuti tikudetsa bwalo alendo ali pakhomo. Iwe panalibe. Chikutsekereni alangizi m'nyumba ya azakhali ako Lachitatu lija, ndangoona zidendene zako zokha popita kukasamba. Ndinapempha kuti ndikuone pang'ono. Anandifunsa kuti, "Atate a mkwatibwi ali ndi chiyani chimene ife sitidziwa?" Ndinati ndi za sitebilaiza. Anaseka mpaka mmodzi anatsamira khoma. Ndiye ndalemba. Iwo akuuze za m'nyumba, ine ndikuuze za pansi pa motoka.

Mtima wanga uli m'malo. A Yona, amuna ako, ndi munthu wofatsa, ndipo makolo awo abwera okha kudzakutenga, zimene si onse amachita. Motoka ndakupatsa ndi manja awiri. Maso anga saonanso dzenje dzuwa likapendeka, ndipo pakhomo pano palibe wina amene amaimva ikadandaula kuposa iwe. Uko ku chitengwa, kuseri kwa Nyimba, njira zake akuti ndi za miyala ngati zathu. Mukaisamala idzakudyetsani, monga inatidyetsera ife.

Chandikhazika pansi ndi chimodzi. Mawa udzanyamuka pano sitebilaiza ili yomasula, chifukwa njira yathu yodutsa m'mitsinje youma siyendeka bwino ili yomanga. Ukafika pa tala uyenera kuima, anthu atsike, uimange. Koma pa mpando wakumbuyo padzakhala a Mwanza, apongozi ako aamuna, ndi akazi awo, anthu amene mwambo sukulola kuwalankhula asanakumasule ndi mphatso. Pa denga la motoka, pa kaliyala, padzakhala matiresi, mipando, mapoto ndi matumba a chimanga. Ine ndimakudziwa, Rozaliya. Udzaona tala, udzayang'ana pagalasi, udzaona chipewa cha a Mwanza, ndipo mumtima udzati, "Ndingoyenda pang'onopang'ono." Usadzatero.

Ndiyambe ndi zimene udziwa kale, chifukwa ndikufuna kuti a Yona nawonso awerenge kalatayi. Sitebilaiza ndi chitsulo chopindika chija chopingasa kutsogolo, pansi pa motoka. Nsonga zake ziwiri zimagwirana ndi ekiselo, chitsulo chonyamula matayala, kudzera m'timikono tiwiri, malinki. Pa tala chitsulochi ndicho chimagwira motoka kuti isapendeke pokhota. Koma m'miyala chimakaniza tayala kutsika m'dzenje, ndiye limalendewera m'mwamba n'kumangozungulira, motoka osayenda. N'chifukwa chake tinaika malinki a mapini, oti umasolola ndi dzanja popanda sipana. M'thengo umamasula, matayala apondeponde momasuka, iwe ukuyenda ngati wonyamula mazira. Pa tala umamanga. Motoka yomasula pa tala ili ngati mwadiya, bwato la mtengo umodzi, wodzaza matumba pamene Luangwa akumana ndi Zambezi: munthu mmodzi akangotembenuka, nonse mwanyowa.

Za kusankha malinki ndinaphunzira mu mtsinje wa mchenga uja wa kumunsi kwa sukulu. Chaka chimene tinakweza masipiring'i kuti mimba ya motoka isamagunde miyala, ndinapita ku Lusaka kukagula malinki. Sindinayeze kanthu, ndinangopita ndi maso. Wogulitsa anali bambo wa pakamwa potsekemera. Anati, "Tengani aya, mudala, yonse ni chimozi-mozi." Ndinatenga otsika mtengo, osadziwa kuti pa motoka yokweza anali aafupi. Tsiku lina ndinaona ngati mtsinje uja ndi wosavuta, ndinalowa osamasula. Tayala la kumanzere litatsika m'dzenje, linki inakokeka mpaka inawongoka ndi sitebilaiza, kenako inatembenukira mbali yolakwika n'kukanirira chitsulo cha chiwongolero. Chiwongolero chinauma gwa. Tinakhala mumchenga umo dzuwa lonse, ine ndi amayi awiri amene ankapita ndi tomato kumsika. Tomato anapsa tili kumuona. A Zuze anabwera pa njinga, anasuzumira pansi, anati, "Shamwali, wavala nsapato ya mwana, manje udabwa chiyani kuti chala chatupa?"

Ndiye awa akadzatha, mwana wanga, usadzagule ndi maso. Imika motoka pamalo osalala ili ndi katundu wa masiku onse. Gwira nsonga ya sitebilaiza ikhale yogona, kapena yoloza m'mwamba pang'ono, osati pansi. Yeza kuchokera pa bowo la nsongayo kufika pa bowo la pa ekiselo. Utali umenewo ndiwo upite nawo kusitolo, ndi linki yakale m'chikwama. Ukapeza otalikitsa ndi kufupikitsa ndi nati, tenga amenewo, chifukwa masipiring'i amakhala pansi akamakalamba. Ona kuti pali kabowo kopopera gilizi. Finya ndi chala bushi, labala ya m'bowo la linki: ikhale yolimba, yopanda ming'alu. Pini ikhale ya mphete yodzitsekera yokha, imene imalira kuti "tha" ukaipinda. Ngati wogulitsa akukana kuti uyese kusolola pini ndi dzanja lako pomwepo, mubwezere katundu wake, uthokoze, utuluke. Usachite manyazi m'sitolo. Iye sadzakhalapo mumchenga.

Manati a zitsulo zimene malinki amalowamo ndi aja okhala ndi kamphete ka pulasitiki m'kati. Lero tawamanga ndi a Zuze. Ukayenda sabata yoyamba uwayesenso ndi sipana. Nati ya mtundu umenewu ukaimasula kawirikawiri imaleka kugwira, ndiye ugule ina.

Za kumangirira sitebilaiza ikamasulidwa anandiphunzitsa ndi malegeni. Kuno chilichonse timamanga ndi malegeni a chubu: nkhuni pa njinga, chitseko cha khola, ngakhale mpini wa khasu. Ndiye inenso ndikamasula malinki ndinkakweza chitsulo chija m'mwamba n'kuchikulunga ndi malegeni, ndipo nyengo yonse yozizira zinayenda bwino. Koma dzuwa la Okutobala kuno ulidziwa, limene limathamangitsa ngakhale mbuzi kukabisala pansi pa nkhokwe. Malegeni anauma, anang'ambika ine osadziwa, chitsulo chinagwa, linki n'kumakwecha paipi ya mabuleki njira yonse. Pobwera kuchokera kukatenga makala, ndikutsika kamtunda ka pa chigayo, ndinaponda buleki phazi linangolowa mpaka pansi. Mwayi wake ndinali m'giya yaing'ono. Motoka inakaima yokha mu mpanda wa dimba la a Njobvu, amene anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja nati, "A Domingo, mukadandiuza, ndikadatsegula chipata." Mpanda ndinakonza ndekha Loweruka lake.

Kuyambira pamenepo a Zuze anawotcherera tizitsulo tiwiri pa chasisi, msana wa motoka, kumanzere ndi kumanja. Ukamasula linki pansi, uikweze, uilowetse pa kachitsulo kake, uitseke ndi pini yomweyo. Lamba wakuda uja ali m'bokosi la zida ndi wowonjezera chabe, si wolowa m'malo mwa pini. Umasule mbali zonse ziwiri, osati imodzi. Ukatha, a Yona akhote chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku, iwe ukuyang'ana: pasakhale chokhudza tayala, paipi ya mabuleki kapena waya aliyense. Chikakhudza motoka ili chiimire, poyenda chidzadula.

Mapini amatayika. Mchenga wa kuno wandidyera ambiri. Ndakuikira ena anayi m'kachitini ka mafuta odzola, pansi pa mpando wako, ndipo amene ali pa motoka a Zuze awamangirira ndi timatcheni. Pini ikadzasowa, kudzapezeka munthu wa mtima wabwino wobwera ndi msomali kapena sipoko ya njinga. Umuthokoze, usaike. A Zuze eni ake anayesapo sipoko, anafika ku Feira linki ikugogoda ngati ng'oma ya kwaya. Lero nditawakumbutsa anati inali sipoko ya njinga ya ku Zumbo, tsidya la mtsinje, ya kuno ikadagwira. Amayi ako anawauza kuti bodza lawo lakalamba kuposa motoka.

Pomanga uchite motere, ndipo usasinthe ngakhale uli pa changu. Peza malo osalala usanakwere tala. Pa njira yathu ndi pa msawu waukulu uja pamene amayi amagulitsa masawu ouma. Zimitsa injini, siya m'giya, koka handibuleki, ika mwala ku tayala la kumbuyo. Anthu onse atsike. Munthu sagwira pansi pa motoka wina ali m'kati, chifukwa akasuntha motoka imatsika, chala chako chili pakati pa zitsulo. Ndiponso anthu akakhala mbali imodzi mabowo sayang'anana. Pukuta mchenga ndi kansalu, paka gilizi pang'ono. Mbali yoyamba imalowa mosavuta. Yachiwiri imakonda kukana, ndiye wina agwire kaliyala agwedeze motoka pang'onopang'ono mpaka ilowe. Usamenye ndi hamala. Tseka mapini, uwakoke ndi chala kuti utsimikize. Ukatero sukusula m'manja, anthu akwere.

Tsopano ndifike pa nkhani ya akuluakulu a mpingo. Uidziwa, chifukwa amayi ako amaisimba pa ukwati uliwonse, ndipo iwo amaikometsa kuposa ine. Koma iwo amasimba za nsomba. Ine ndikuuza za pa msawu.

Unali mwezi wa Juni, iwe uli ku sekondale. Ndinanyamula akuluakulu a mpingo kupita kumsonkhano ku Katondwe. Pakati pawo panali amalume a amayi ako, a Tembo, amene kwa ine ndi apongozi, munthu amene sindinadyepo naye mbale imodzi. Pamwamba ndinali nditamanga matumba a nsomba zouma za wamalonda wina. Tinadutsa mitsinje bwinobwino, malinki ali omasula. Titafika pa msawu ndinachepetsa liwiro kuti ndiime. A Tembo anakhosomola, anauza amene anakhala nawo pafupi kuti, "Misa siyembekeza munthu." Sanalankhule ndi ine. Sakanatha kutero. Ndipo inenso sindikanatha kutembenuka n'kunena kuti, "Tsikani." Ndinaganiza za mawondo awo, ndi ndodo yawo, ndi ine kugona m'fumbi pamaso pawo. Phazi linachoka pa buleki lokha.

Sindinathamange, Rozaliya. Umve bwino pamenepa, chifukwa ndi pomwe mtima umanamiza munthu. Ndinkayenda mwaulemu, akuluakulu akuimba nyimbo ya Maria kumbuyo. Pa kona ina tisanafike ku Katondwe mbuzi zinadumphira mumsewu. Ndinakhota pang'ono chabe, monga ndachitira nthawi zosawerengeka. Motoka inapendeka ngati ikufuna kugona. Ndinamva matayala a mbali yanga akupepuka, nyimbo inaduka, chingwe cha pamwamba chinaduka, matumba anauluka. Mwina kuuluka kwa matumbawo ndiko kunatipulumutsa, sindidziwa. Motoka inabwerera pa matayala ake n'kuima m'mbali mwa msewu. Palibe anavulala, koma a Tembo chipumi chinatupa pogunda chitseko.

Mapeto ake onse anatsika ndithu. Anatsika pa dzuwa, popanda mthunzi, n'kuyamba kutola nsomba mumsewu atavala majekete a ku tchalitchi. Misa inatipita. A Tembo anaima pambali akusisita chipumi, anafunsa katekisiti kuti chachitika n'chiyani. Katekisiti atandifunsa, ndinafotokoza za chitsulo chija. A Tembo anati, "Muwauze apongozi anga kuti ulemu wopha nawo munthu ine sindiufuna." Mpaka tsiku la imfa yawo, tikafika pa msawu ankayamba ndi iwo kutsegula chitseko.

Ulemu ndinakuphunzitsa ndine, ndipo sindikuulanda. Ugwade popereka madzi. Usadutse pakati pa akulu akulankhula. Koma ukakhala pa chiwongolero, miyoyo ya onse ali m'katimo ili m'manja mwako, ndipo pamenepo wamkulu ndiwe, ngakhale kumbuyo kutakhala mfumu. Adzakuuza kuti tachedwa. Adzakuuza kuti madalaiva ena saima. Ena adzaseka kuti mkazi wa a Yona amakwawa pansi pa motoka. Uwasiye aseke ali chiimire pa mthunzi.

Madzulo ano, a Zuze atapita kukasamba, ndinatsala ndekha ndikupopa gilizi. Ndinaona nsapato zakuda zaima pafupi ndi tayala. Anali a Mwanza. Ndinafuna kudzuka, anati, "Iyayi asewele, gwirani ntchito, ine ndingoona." Anakoka chitsa n'kukhala. Anafunsa kuti timatcheni iti n'ta chiyani. Ndinawaonetsa. Ndinamasula mbali zonse, ndinawapempha kuti agwire kaliyala akankhe. Motoka inapendeka mpaka iwo anabwerera m'mbuyo. Ndinamanga, ndinati akankhenso. Inangogwedera pang'ono. Anati, "Ho! Ndiye mawa tikwera iti, yoledzera ija kapena iyi?"

Ndinawauza kuti zonse ziwiri: yoledzera mpaka pa tala, kenako iyi, ngati dalaiva angaime. Ndipo poti anafunsa okha, ndinawauza nkhawa yanga yonse, ndi nkhani ya a Tembo. Ndinapempha kuti mukafika pa msawu atsike okha, iwe usavutike kunena.

Anakana. Anati, "Asewele, mawa ndingatsike ndekha. Nanga mkucha, mwana wanu akanyamula akulu anga? Amenewo ndi ouma mutu kuposa ine, ndipo inu simudzakhalapo. Andiuze yekha. Dalaiva amene sangandiuze kuti nditsike, motoka yake ine sindikwera."

Akazi awo anali pa mphasa ndi amayi ako, akusankha mtedza, ndipo anamva. Anati, "Inu a Mwanza, mpongozi amamasulidwa pakhomo, anthu akuona, osati m'tchire ngati mbuzi yogula."

"Pa msawu palibe anthu? Si paja amagulitsa masawu?"

"Ndiye mwana wa eni ayambe kukulankhulani musanamupatse kanthu? Kwathu adzati chiyani?"

"Adzati tafika amoyo. Mphatso ili m'thumba la jekete kuyambira ku Nyimba. Akatsegula pakamwa, ine ndimupatsa asanatseke. Ndani adzadziwa chimene chinayamba?"

Amayi ako anaseka mpaka mtedza unatayika. Apongozi ako aakazi anang'ung'udza pang'ono, kenako anati, "Chabwino, koma anene maso ali pansi. Ndipo za pakhomo tikachitabe, musaganize kuti mwapulumuka." A Mwanza anavomera. Atatero anafuna kuyesanso kugwedeza motoka, kuti mawa asachite manyazi pamaso pa mpongozi. Malaya awo oyera ali ndi gilizi pa mkono, ndipo amayi ako awanyika kale.

Ndiye zili chomwecho, mwana wanga. Ndi anthu abwino amene ukupitako, ndipo ndagona pansi pa motoka iyi lero ndili wokondwa. Koma a Mwanza anena zoona, sadzatsegula chitseko. Adzakhala phee ndi chipewa chawo mpaka amve mawu ako. A Yona ndawauza kuti asakuyankhulire. A Zuze amafuna kuti tikuperekezeni pa njinga yamoto mpaka pa tala, ine ndakana. Ndikakhalapo udzayang'ana kwa ine, ndipo ine ndidzanena, chifukwa ndine atate ako. Ndidzatsazikana nawe pano pa bwalo.

Mawu ake ndi ochepa. "Atate, ndapota nanu, mutsike ndimange motoka." Mawu akanjenjemera, anjenjemere. Ukafuna kutsika n'kugwada pa chitseko chawo, gwada. Koma injini ikhale itazima, ndipo kiyi akhale m'dzanja lako.

Ndine atate ako,
Domingo